Ndinamuperekeza Mpaka Pageti

Ndinabwera ku Lilongwe matipate atangoyamba kumene, ndili mkwatibwi wa miyezi itatu, ndi sutikesi imodzi ndi mphika umene mayi anga anandikulungira m'chitenje. Amuna anga anali dalaivala wa thiraki. Anandipezera kachipinda ka lendi ku Kawale, kundionetsa pampopi ndi pogula makala, m'mawa mwake basi ulendo wa ku Beira. Ankatha masabata atatu, nthawi zina mwezi wathunthu.

Mumpandamo tinalimo mabanja asanu, koma ine ndinali ndekhandekha. Azimayi a pamenepo anali achitauni, olankhula mothamanga, Chingerezi akuwaza ngati mchere. Ine kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikudziwa kuti munthu sumudutsa osamupatsa moni, ndiye ndinkalonjera aliyense mumsewu, ena n'kumandiyang'ana ngati ndikufuna kuwapempha kanthu. Ndinkasesa chipinda kawiri, kutsuka timbale tanga tiwiri, kenako n'kukhala pakhomo kumamvera wailesi ya eni ake. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo masiku ena ndinkalira masanasana.

Mnzanga ndinamupeza kuchigayo. Atamva mmene ndinkalankhulira anatembenuka, ufa uli mbuu m'nsidze.

"Inu kwanu n'ku Ntcheu, musandinamize."

Tinapezeka kuti midzi yathu yangosiyana phiri limodzi. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, choncho ndinkamutcha asisi. Ankakhala ku Mchesi, kumunsi cha kumtsinje, ndipo ankagulitsa zitumbuwa. Amuna ake anali atamwalira chaka chapitacho, ana ake awiri ali kumudzi kwa agogo awo. Anayamba kubwera kwathu Lachitatu lililonse masana, ndipo sabata yanga yonse inkangodikira Lachitatu.

Kwathu mlendo satuluka yekha. Akatsanzika umadzuka, kumunyamulira kathumba kake, n'kumuperekeza. Iye amati "bwererani", iwe umakana, amanenanso, mpaka mufike pamalo poyenera kusiyana. Munthu amene wangomusiya pakhomo ndiye kuti wamuuza kuti asadzabwerenso, ngakhale pakamwa pako pasatuluke mawu.

Asisi sankakonda msewu wafumbi wa maminibasi. Anandionetsa kanjira kotsata mtsinje wa Lilongwe. Ukatsika kuseri kwa nyumba zomalizira umalowa m'madimba a mpiru ndi matimati, kenako m'bango, kenako mu kankhalango ka mthethe ndi bulugamu momwe phokoso la tauni linkazimiririka. Njirayo inali yosalala, yopanda chitunda n'chimodzi chomwe, moti ife a kumapiri tinkaiseka kuti ndi njira ya alesi. Chapakati panali mkuyu waukulu, ndipo pansi pake, m'mphepete mwa madzi, abambo angapo ankakumba mchenga ndi mafosholo, akakowa atangoima kuwaonerera.

Pamkuyupo ndi pamene ndinkayenera kubwerera. Koma ine ndikakumbukira kachipinda kanga ka zii kaja, miyendo inkangopitirira.

"Bwererani tsopano, mwafika patali."

"Tingofika pa bulugamu apo, asisi."

Pa bulugamu nkhani inali isanathe. Tsiku lina tinangozindikira tili pakhomo pake ku Mchesi. Ndiye poti tsopano mlendo ndinali ine, anatsekanso chitseko n'kundiperekeza. Titafika pamkuyu kachiwiri, mmodzi wa okumba mchenga aja, bambo wa imvi wovala chipewa chobooka, anatsamira fosholo yake.

"Amayi, kodi pa awirinu mlendo ndi ndani? Mutithera njira!"

Tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti malire ndi pamkuyu, koma tinkakhala pamizu yake ola lathunthu tisanasiyane. M'njira imeneyo ndi mmene ndinamuuza zimene sindikanauza munthu wina, kuti chaka chatha mimba osaoneka, ndipo apongozi ayamba kufunsa m'makalata.

Chaka chachiwiri asisi anayamba kutsokomola. Kenako panatuluka zilonda pakhosi mpaka kukhutu, ndipo chitenje anayamba kuchizunguliza kawiri. Zitumbuwa anthu anasiya kugula. Koma Lachitatu ankabwerabe, akupumira panjira. Ankati mwayi wake ndi woti njira ya alesi ija ilibe phiri.

Masiku amenewo matendawo sitinkawatchula dzina. Pampopi ndinkangomva manong'onong'o, ndikafika n'kukhala chete. Tsiku lina mkazi wa alandilodi anandiitanira pambali.

"Mnzanu uja mukumuona bwinobwino? Ndi zomwezi za masiku anozi. Ife pano tili ndi ana, chimbudzi n'chimodzi."

Amuna anga nawonso atabwera anati kapu imene asisi amamwera ndiziyiika payokha. Ndinaiika pawindo. Koma ndisanamizire anthu ena. Chinandigwira ine si mantha a matenda ayi. Azimayi aja anali atangoyamba kundiitana kuti tikagulire limodzi makala, ndipo ndinkaopa kuti andisalanso.

Lachitatu lotsatira anafika mochedwa, milomo itauma. Ndinamupatsa madzi mu kapu ija, ndipo ndikukhulupirira kuti anaona kuti ndaitenga pawindo osati m'beseni la mbale zina. Anakhala ndithu, koma tinacheza pang'ono. Atatsanzika ndinamunyamulira kathumba, tinatuluka, ndipo azimayi onse anali pampopi, maso ali pa ife. Kuchoka pakhomo panga kufika pageti lamalata panali mapazi makumi awiri okha. Titafika pamenepo ndinamupatsa kathumba kake.

"Asisi, lero ndilekeza pompano. Ndasiya nyemba pamoto."

Anandiyang'ana kanthawi. Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya.

"Bwererani, zingapserere," anatero.

Ndinaima kuseri kwa geti kumuyang'ana pakabowo ka lata akutsetserekera kumadimba, dzanja limodzi lili m'chiuno. Pobwerera, wina pampopi anandifunsa ngati ndili ndi sopo wapadera, ndipo ndinakatenga.

Lachitatu linalo sanabwere. Ndinasesa, kuwiritsa madzi a tiyi, kukhala pakhomo mpaka mthunzi unafika pampanda. Linalonso chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti mwina wapita kukaona ana, koma mumtima ndinkadziwa chimene ndinamuuza pageti paja, chifukwa tonse tinakulira mwambo umodzi. Sabata yachitatu ndinagula shuga ndi buledi n'kutsika kumtsinje.

Ndinali ndisanayendepo njira imeneyo ndekha popita. Inali nthawi ya chilimwe, bango litauma, madzi atachepa mpaka miyala kuonekera. Mu kankhalango kaja ndinkangomva masilipasi anga. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera, koma onse ankamveka opusa.

Ku Mchesi ndinapeza chitseko chake chili pululu, mayi wina wachilendo akukolopa. Anati iye wangolowa kumene, ndipo wamva kuti amene ankakhalamo achibale anabwera kudzawatenga, ali chigonere, kupita nawo kumudzi. Zambiri sankadziwa.

Pobwerera ndinakhala pamizu ya mkuyu, buledi ali pamiyendo. Bambo wa chipewa chobooka uja anakwera kuchokera kumadzi, akupukuta manja pa kabudula.

"Amayi, mwasowatu. Anzanu aja ali bwanji?"

Ndinamuuza kuti anapita kumudzi. Anagwedeza mutu.

"Tsiku lija tinawapeza pomwe mwakhalapo, akulephera kudzuka. Tinayala thumba mu wilibala, ine ndi mnzanga uyo, mpaka pakhomo pawo. Opepuka ngati mwana."

Ndinangoti zikomo.

"Ine ndinadabwa kuwaona okha," anapitiriza. "Ndinawafunsa kuti kodi anzanu operekeza mpaka kuchipinda aja lero ali kuti, mwayambana? Akuti ayi, musawaganizire zoipa, anafunitsitsa kubwera koma ali ndi nyemba pamoto."

Ndinamusiyira bamboyo buledi ndi shuga uja. Anakana kawiri, kenako analandira ndi manja awiri, osamvetsa chimene ndikulirira.

Uthenga wa maliro unandipeza patapita mwezi, m'kalata ya mayi anga, pakati pa nkhani ya mbuzi ndi ya mvula. Ku Kawale ndinakhalako zaka zina zinayi. Azimayi aja anandizolowera, ana ndinabereka, kapu ija inabwerera m'beseni. Koma Lachitatu masana, ndikapeza mpata, ndinkatsika ndekha kumadimba, kudutsa m'bango, kukafika pamkuyu n'kubwerera. Pampopi ankati ndimakonda kuyenda, ndipo sindinawatsutse.

Alendo anga mpaka lero amadandaula kuti ndimaperekeza mopitirira, ena mpaka amachita kundikankha kuti ndibwerere. Sindiwafotokozera. Asisi anakhala m'chipinda changa tsiku lija ola lathunthu, moyang'anana ndi mbaula. Anaiona bwinobwino kuti inali yozizira, ndipo panalibe mphika.