Wilibala imene ndinakaniza

"Ndiye nsomba zanuzo zaposa munthu, alamu?"

Anakuwa choncho mkazi wa aneba anga, ataima pabwalo langa ku Chinsapo Lachisanu lina masana, amayi ochokera kumpopi ataima m'njira ndi ndowa pamutu. Ine ndinali nditagwada pambali pa wilibala ndikukoka mphira yomaliza. Sindinadzuke n'komwe.

"Ndati yapakira kale. Kodi Chichewa simukumva?"

Mawu amenewo ndinawasankha dala, chifukwa iwo ndi amuna awo anali a kumpoto.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba, ntchito yanga ya ukalaliki m'nyumba zosungira fodya ku Kanengo itatha. Munthu wa satifiketi ya Fomu 4 ndinkangokhala pakhonde. Chimene chinkandisunga kuti ndisapenge chinali Loweruka. Kupitirira Likuni kunali damu la pafamu ina, momwe munali nsomba zonenepa za mamba akuluakulu, zokonda gaga kuposa nyongolotsi. Ulendo wake unali wa maola awiri wapansi, ndipo katundu yense ankayenda pa wilibala.

Kupakira kwake sikunali kongoponya zinthu. Ndowa yosungiramo nsomba inkakhala kutsogolo, pamwamba penipeni pa tayala, kuti kulemera kusathere m'manja. M'ndowamo ndinkaikamo mpira wa gaga wokanda, wokulunga m'tsamba la nthochi. Chitini cha nyongolotsi, chobowola pachivindikiro, chinkalowa pakona ya kumanzere pomwe dzuwa silifika msanga. Mbedza zinali m'kabotolo ka mankhwala, ulusi wokulunga pa zitsononkho kuti usapotane. Kampando kankagona chafufumimba pakati, mbatata yophika pansi pake. Nsungwi zitatu zowedzera m'mbali, nsonga kumbuyo, apo ayi ubaya munthu m'njira. Pamwamba saka, kenako mphira za chubu cha njinga, zinayi, mopingasa. Ola lathunthu linkathera pamenepo, ndipo ikamangidwa, m'nyumba mwanga aliyense ankadziwa kuti saikhudza.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi mwamuna wa mayi amene ndinkawakalipirawo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosapupuluma, wosiyana nane pa chilichonse. Tsiku loyamba ataona mmene ndinaunjikira katundu anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, mukusamuka kapena mukukawedza?"

Zaka zitatu tinkakankha mosinthana. Kenako anayamba kudwala. Lero adzuka, mawa agona, thupi likungotha. Matenda ake palibe ankawatchula dzina. Ine ndinapita kukawaona kawiri basi. Ndinkauza mkazi wanga kuti munthu wodwala amafuna kupuma, koma zoona zake ndinkaopa nkhope ija. Ndipo penapake ndinkawakwiyira, ngati kuti anachita kusankha kundisiya ndikukankha ndekha.

Mayi aja atafika anangoti, "Tibwerekeni wilibala, alamu." Wilibala yanga anthu anali ataitopetsa: wina mchenga, wina njerwa, kubweza tayala litapindika, zikomo osanena. Ndinakana ndisanafunse. Apo ndiye anafotokoza kuti abambo akulephera kuima, akufuna awafikitse pamsewu akakwere minibasi ya kuchipatala.

Ndinamva bwinobwino, sindinganame. Koma ndinali nditakana kale anthu akuona, mayiwo anali atandikwezera mawu, ndipo mutu wanga ukatentha suona khomo lotulukira.

Mkazi wanga anatuluka, manja ali ndi thovu la sopo.

"Bambo, masulani. Mumanganso madzulo."

"Iwe lowa m'nyumba! Chinsapo yense wilibala ndi yanga yokha?"

Mayi aja anandiyang'ana, nakonza chitenje, n'kutembenuka.

Patapita kanthawi anadutsa nawo odwala aja panjira ya kutsogolo kwanga, chifukwa ina kunalibe. Anawakhazika pakaliyala ya njinga, bambo wina akukankha, awiri atawagwira uku ndi uku. Mapazi ankakhweka m'fumbi, patapata imodzi itagwa kale. Njira yathu inali ya mabampu, ndipo njinga ikagunda mwala ankabuula. Atafika pampanda wanga anadzutsa mutu, nayang'ana wilibala.

"Mwamanga bwino, achimwene."

Sananene monyoza. Bola akananyoza. Nthawi yodula mphira zija ndi mpeni inalipo, sizikanatenga ngakhale mphindi imodzi. Ndinangoima, manja m'thumba, mpaka anakhota pa golosale.

Dzuwa lisanalowe uthenga unafika kuti atisiya atangowagoneka pabedi. Anthu amati ngakhale akanapita pa galimoto sizikanasintha kanthu. Mwina. Koma ulendo wawo womaliza m'mudzi muja anauyenda mapazi akukhweka pansi, wilibala imene anaikankha zaka zitatu ili poteropo itanyamula gaga. Mkazi wanga anangotenga nsalu yake n'kupita kusiwa.

M'mawa mwake ndinamasula mphira zonse zinayi. Nyongolotsi ndinakhuthulira m'dimba la mpiru, gaga ndinaponyera nkhuku, nsungwi ndinazitsamiritsa kuseri kwa bafa. Ndinapita kwa ogulitsa nkhuni kumsika, ndinadzaza wilibala mpaka pamwamba, n'kukankhira kunyumba ya maliro. Amuna anali atakhala pabwalo. Palibe anandilonjera. Mkulu wina wa mpingo wawo anangoloza ndi chibwano kumene amayi ankaphikira.

"Tsitsirani uko."

Namfedwa anali pakhonde pakati pa amayi a chigwirizano cha kumpingo. Anayang'ana wilibala, osati ine. Ndinatsitsa nkhuni zija chimodzichimodzi, n'kubwerera kukatenga zina.