Chibuma cha pa ngalande

Lero pothirira mbatatesi ku Lifidzi ndatseka ngalande ndi chibuma, ndipo ndakukumbuka, Rozina mlongo wanga. Utabwera pa tchuthi kuchokera ku yunivesite, ndinakufunsa zomwe umafufuza. Unati, "Achimwene, kuli matenda a kala-azar, ofalitsidwa ndi tintchentche toluma. Kachilombo kake kamadalira kanthu kotchedwa enzima, monga mbatatesi imadalira ngalandeyi. Ndikusaka mankhwala otseka enzima ya kachilomboko yokha, ya munthu izingogwira ntchito." Unaponya chibuma, madzi anakhota, matope anathovukira pa siketi yako, tinaseka mpaka misozi.

Unatisiya usanachipeze chibuma chakocho. Anzako akusakabe. Chikadzapezeka, ndidzauza aliyense kuti pakati pa osakawo panali mwana wa m'dimba lino.