Khirisimasi ya a Sakala inabwera mu Juni

Ndikakumbukira agogo a Sakala, ndimamva fungo la makoko a malalanje ndi shuga zikuwira m'nsalu, fungo limene linkadzaza mzere wathu wonse ku Chamboli mvula ikayamba. Koma tsiku limene ndinachita mantha, fungolo linabwera mu Juni, m'mawa kukuzizira, ine ndikuchapa matewera. Ndinaimirira, manja akudontha. Khirisimasi mu Juni?

Nyumba yathu ndi yawo inali imodzi, za mgodi zija, denga limodzi, khoma lokha pakati, ndipo khomalo silinkafika kumalata. Ndinabadwira momwemo. A Sakala anali khuki kunyumba ya alendo ya mgodi, ankaphikira azungu a mitundu yonse, ndipo ife ana tinkaona ngati dziko lonse analiyenda, chikhalirecho sanapitirirepo Ndola.

Novembala akamatha ankatiitana tonse, tisambe m'manja mpaka m'zigongono, aliyense atakase pudingi kamodzi ndi mthiko, atatsinzina, akupempha chakumtima kwake. "Kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo," ankatero, "mmene anayendera anzeru aja. Iwe Esinati, si madeya a nkhumba amenewo!" Kenako ankaimanga m'nsalu, nkuiphika tsiku lathunthu, nkuipachika kudenga milungu inayi, ife tikuiyang'ana mpaka makosi kupweteka. Apo nkuti akutiuza kuti a ku Mangalande amapachika masokosi kuti m'mawa apezemo mphatso, a ku Sikotilandi amadikira chaka chatsopano, mlendo woyamba alowe ndi khala m'manja, a ku Kanada amadula mtengo wathunthu nkuulowetsa m'nyumba. A ku Ositireliya kwawo kumatentha ngati kuno, amadyera panja atavala makabudula, koma pudingi sasiya. Tsiku lenilenilo a Sakala ankatseka makatani dzuwa likuswa mtengo, nkuthira burande, nkukhwatcha machesi. Moto wabuluu unkayenda pamwamba pa chakudyacho osachinyeketsa, ngati chitsamba cha Mose chimene tinkamva ku Sande sukulu. Ine ndinkaiwala kupuma.

Mgodi utagulitsidwa, nyumba ya alendo inatsekedwa. Akazi a agogowo anali atamwalira, ana ali kutali. Bambo anga anabwerera ku Katete nkundisiyira nyumba ine ndi amuna anga, amene nawonso ntchito inawathera nkuyamba kugulitsa zovala za salaula ku msika wa Chisokone. Masana ndinkatsala ndekha ndi ana awiri, Dalitso wa zaka zinayi ndi Chikondi wa kubere, ndipo mphasa yawo inali kukhoma lapakati lija.

Tsiku la fungolo, cha m'ma three koloko, Dalitso anasowa. Ndinathamangira kumpopi, kumsewu, kulibe, ndipo potembenuka ndinaona makatani a agogo ali otseka. Ndinalowa osaodira, Chikondi ali kumsana.

Mkatimo munali mdima koma mukuthwanima. Anali atadula nthambi ya mkungudza kumpanda, nkuiimika m'chitini, nkuimata thonje la mumtsamiro paliponse kuti likhale sinoo, chipale chofewa cha kwa azungu, ndipo makandulo oduladula ankayaka pakati pa thonjelo. Iwo anali mu yunifolomu yawo yoyera, yosita, mabatani onse. Dalitso ali pampando, chipewa chapepala kumutu, kukamwa yasa. M'manja mwa agogo munali botolo la kachasu.

"Khala pansi, Esinati, wachedwa. Amako ali kuti?"

Amayi anamwalira ndili Giredi sikisi.

Anathira kachasuyo pa pudingi, nkukhwatcha machesi. Ndipo ndisaname, moto uja unabwera chimodzimodzi, wabuluu, wachete, ukukwawa pang'onopang'ono, nkhope ya mwana wanga ikuwala nawo, nkhalambayo ikuimba nyimbo yachingerezi ndi mawu onjenjemera. Ndinkafuna kugwada, ndinkafuna kuthawa. Kandulo imodzi inapendama, thonje linagwira moto, ndinalifinya ndi dzanja langa lomwe, osakuwa, kuopa kuwadzidzimutsa botolo lili m'manja. Otsalawo ndinawazimitsa ndi malovu pazala, ngati ndikusewera.

Iwo sanaone nkomwe. Anatigawira pudingi yawo ya ufa wa chimanga nkunena, "Idyani mukhute. Mawa ine kukhichini sindilowa."

"Chifukwa chiyani, agogo?"

"Iwe kusukulu unkakatani? Mawa ndi tsiku la mabokosi! Khirisimasi ikapita, khuki sayatsa moto. Amakhala pakhonde, amubweretsere bokosi lake."

Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wa tsidya la msewu, ataona dzanja langa la matuza, anati, "Kauze apolisi, mwaice, mng'ono wangawe. Nkhalamba yoyatsa moto wabuluu masana, anyamata akamva ayesa mfiti." Amuna anga anati tiwalande machesi basi. Koma machesi ali pa kantemba kalikonse, ndipo munthu amene anandiphunzitsa kusamba m'manja ndikanamulanda bwanji?

M'mawa mwake ndinatenga katoni ya sopo, ndinaikamo mbatata ziwiri zophika ndi tiyi wa m'botolo, nkuimanga ndi ulusi wofiira. Ndinagwada pakhomo pawo.

"Bokosi lanu, agogo."

Analilandira ndi manja awiri, atawerama ngati kwa bwana wamkulu, nkukhala pakhonde tsiku lonse atatambalala, akuothera dzuwa. Mawa lake ndinapitanso, mkucha wake ndinapitanso. Masiku ena munali mtedza wodzaza dzanja chabe, masiku ena ndinkachotsa pa changa, koma sindinaphonye, mpaka mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga mvula itagwa. Miyezi isanu m'nyumba ija simunayake ngakhale kandulo. M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti lero ndi tsiku lanji, ndipo ine, wobatizidwa, woimba kwaya, ndinkagwada nkuwanamiza.