Chala Changa Kuseri kwa Wailesi ya Bambo

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndinkadzitama kuti mumsika wa Zomba munalibe wamalonda wondiposa pakamwa. N'chifukwa chake bambo atagula wailesi ya masipika awiri pokonzekera chinkhoswe cha achemwali anga, anatuma ine kukagula chingwe chake cha magetsi.

Mkulu wa pabenchi ya mawaya ndinamupanikiza mpaka anapukusa mutu.

"Pa mtengo umenewo tenga cha mano awirichi," anatero. "Koma wailesi yaikulu imafuna cha mano atatu. Dzino lachitatulo ndi limene limatsitsira phokoso pansi."

"Achimwene, nyimbo sizitafuna," ndinamuyankha, n'kunyamuka ndikuseka.

Tsiku la chinkhoswe titayatsa, masipika anayamba kulira ngati njuchi zotsekeredwa mumgolo. Tinasintha soketi, tinazimitsa firiji, bambo anapukuta kaseti ndi malaya awo. Ayi ndithu. Akuchimuna n'kuti atakhala kale pabwalo pathu ku Mtiya, pamipando yobwereka kutchalitchi, ndipo bambo anali atawalonjeza kuti za nyimbo asadere nkhawa.

Ndikupapasa kuseri kwa wailesiyo, chala changa chinakhudza kabawuti, phokoso lija n'kuti zii. Nditachotsa chala, linabwerera.

"Usasunthe," bambo ananong'ona.

Ndinaima kuseri kwa kabati imene panali wailesiyo masana onse, wopanda nsapato pasimenti, kabawutiko kakundilumaluma chala ngati linthumbu. Nthungululu ndinkangozimvera pawindo. Achemwali akuvina kutsanzika kwathu, ine sindinawaone.

Anandipeza ndi amalume ake a mwamuna wa achemwaliwo, amene ankagwira ntchito ya zamagetsi, atalowa kudzasintha kaseti. Anayang'ana chala changa, anayang'ana mapazi, n'kuthimitsa pakhoma. Nyimbo inaduka pakati, bwalo lonse linacheuka.

"Apongozi," anauza bambo motsitsa mawu, "mwana mwamusandutsa waya wopita pansi? Mukanalira lero lomwe."

Anamanga waya pa kabawutiko n'kukaukulunga kumpope wachitsulo panja. Nyimbo zinamveka bwino mpaka alendo kubalalika, koma bambo sanadzukenso pampando. Sanandimenye. Anangosiya kundituma kumsika, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa lamba.

Lero ndimanenererabe, khalidwe silinathe. Kungoti wogulitsa akavomera msanga ndimayamba ndafunsa chimene wachotsapo. Mkulu wa mawaya uja anagulitsa chingwe chimene ena onse ankachikana, ine ndinabwera kunyumba ndi chenje m'thumba. Inu mukuona kuti anapambana ndani?