Amayi a m'gulu lathu sanaone kanthu

Mabuku aja ankandibwereka ndi nesi wina wa ku Austria, mnansi wanga m'mafulati a ku South B, m'Kenya. Anali a m'Chingerezi, koma olembedwa ndi akazi akwawo, ndipo ankandipsetsa mtima. Abambo abwerako ku nkhondo atachita zosaneneka, akazi awo n'kumawachapira malaya, mudzi wonse zii! Ndinamuuza nesiyo mosapsatira kuti, "Anthu akwanu ndi amantha." Iye anangoyang'ana tsaya langa lotupa.

Amuna anga ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu, ndipo chilolezo changa chokhalira m'Kenya chinkadalira iwo. Tsiku limene anandigulula dzino ndinathawira kwa nesiyo ndi mwana wanga wamkazi. Ankhoswe enieni anali kutali kumudzi, ndiye amayi a m'gulu lathu la mapemphero la Amalawi anadziika okha paunkhoswe. Anabwera pa matatu, maminibasi akumeneko, kuchokera ku Rongai, zitenje zili mbee. Wamkulu wawo anandigwira chibwano, nasuzumira m'kamwa. "Mayo ine! Komabe amake mwana, tisachititse Amalawi manyazi kuchilendo kuno."

Ndinakana kubwerera. Patapita miyezi, nesi uja atapita kwawo, amuna anga anakamutenga mwana kusukulu, n'kunena kuti amutumiza kwa amayi awo ku Malawi. Loya amene ndinakamuona anati ndikangopeza munthu mmodzi woti anene nkhanza zimene anaona, mwina mwana n'kutsala ndi ine.

Ndinayenda khomo ndi khomo. Kulikonse tiyi, kulikonse pemphero. "Ife sitinaone kanthu, achemwali, za m'banja n'zovuta." Ngakhale aja anandisuzumira m'kamwa aja! Amuna awo ankagwira ntchito ndi amuna anga, ndikudziwa. Payekhapayekha anali anthu abwino, oti ukadwala amakuchapira, ndipo n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinachita manyazi pokumbukira mmene ndinanyozera anthu a m'mabuku aja.

Mboni inasowa, ndipo amuna anga anangondilola kukatsanzikana ndi mwana kunyumba ya mmodzi wa amayiwo ku Hurlingham. Ndinamupeza atakhala pansi, amayi omwewo atamuzungulira, akumuluka tsitsi la paulendo uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ankamuluka mosamala, mwachikondi ndithu.

Mwana anatembenuka. "Amayi, ndatchena eti? Akuti inu mubwera pambuyo."

Onse anaweramira m'mutu mwake. Ndinati, "Eya mwanawe, ndibwera. Khala bwino, angakupweteke."