Madisiki amene ndinakalanda

Chaka chimene ntchito zinayamba kutha kuno ku Dublin, ine n'kuti ndikukhala kwa mwana wanga wamkazi ku Balbriggan. Ndinabwera kudzalera khanda, khanda linakula, ine osabwerera. Mwana wangayo amasamalira nkhalamba, ndiye yake ntchito sinathe, poti anthu sasiya kukalamba ngakhale chuma chigwe. Koma amuna ake, apongozi anga, anawachotsa kumene ankagwira, n'kumangokhala pakhomo. Tangoganizani, ine ndi mkamwini m'nyumba imodzi tsiku lonse. Kwathu ku Ntcheu tikanamapatukirana panjira, koma mufulati upatukira kuti? Tinkangopatsana moni m'kolido ngati anthu okumana kuchipatala.

Loweruka m'mawa ndinkaphunzitsa ana Chichewa mu holo ya parishi. Musandiyese mphunzitsi, ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kungoti ndinali wamkulu pa onse, komanso wopanda shifiti. Chipindacho anatipezera ndi bambo mfumu, Mmalawi mnzathu amene ankatumikira pa parishipo, ndipo sitinkalipira kalikonse. Malo ena aulere kunalibe. Chipinda chimenecho chikanatichoka, basi kalasi yatha.

Poyamba zinkandikanika. Ana obadwira kuno ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, ukawayimbira nyimbo amayang'ana pawindo. Ndiye tsiku lina ndikusita ndinaona pa TV pulogalamu ya alimi a kuno. Ng'ombe zake, abale, zonona ngati sizinamve kuti dziko lasauka. Bambo anga anali ndi ng'ombe, koma zathu zija pofika Okutobala umatha kupachika jekete pafupa la m'chiuno. Ndinangoyamba kulankhula ndekha, thole ilo, nkhunzi iyo, akukama. Mdzukulu wanga anasiya chidole n'kubwereza kuti, "Akukama."

Kuyambira pamenepo apongozi ankandijambulira pulogalamuyo ikamaonetsedwa. Loweruka tinkaiika mu holo, n'kuzimitsa mawu a mzungu, ine n'kumalankhula m'malo mwake. Mlimi akatsegula geti ndimati akutsegula khola. Thirakitala ikatitimira m'matope ndimawafunsa anawo kuti yatani, onse pamodzi kuti yatitimira. Nthawi zina ndinkamupangira mlimiyo mawu anga, akudandaula kuti akazi ake amumana ndiwo. Ana ankaseka, ndipo mawu ankalowa.

Koma zinthu zinkangoipiraipira. Makolo ena anayamba kugwira ntchito Loweruka, ena tikiti ya sitima inawakulira. Mipando inayamba kutsala. Mayi wina wa ku Santry, wa ana atatu, anandiimbira foni.

"Agogo, ife kubwera kumeneko sabata iliyonse sitikwanitsanso. Tijambulireniko ng'ombe zanu zija, ana azionera konkuno."

Nanga munthu ungakane? Kwathu ukakhala ndi kaseti ya kwaya imazungulira mudzi wonse mpaka imadzabwera itatafunika. Kuumira ndi kumene kuli kulakwa. Apongozi anati n'zosavuta. Ankandikhazika kukhitchini ndi kamaikolofoni, ine n'kumalankhula, iwo n'kulumikiza mawu anga ndi zithunzi pa kompyuta, kenako n'kubena pa madisiki. Ndisaname, ndinkasangalala kuwaona akudzuka m'mawa, akusamba, ali ndi chochita. Anafika pomandiuza kuti, "Amayi, bwerezani pamenepo, mwatsokomola."

Pa disiki iliyonse ndinalembapo ndi maka dzina la parishi, zilembo zikuluzikulu, pansi pake n'kuwonjezera kuti zikomo. Ndinkaona kuti ndi ulemu. Kwathu ngakhale mjigo umalembedwa dzina la amene anaupereka, benchi ya m'tchalitchi chimodzimodzi. Anthu atipatsa chipinda, magetsi, hita, ndiye dzina lawo lisaoneke?

Disiki ina inaiwalika patebulo mu holo. Mayi wa Chiairishi amene ankasunga makiyi, yemwenso anali mu komiti ya holoyo, anaitola n'kukaiika m'makina kwawo kuti aone kuti ndi ya ndani. Lamlungu Misa itatha bambo mfumu anandiitanira pambali.

"Amayi, madisiki awa alipo angati?"

"Sindinawerenge, bambo. Aliyense wopempha ndamupatsa."

Anagwira pachipumi. "Mwagulitsako?"

"Ndigulitse ng'ombe za eni?"

"Ndiye nkhani yake ndi yomweyo, n'za eni. Kuno amati kopiraiti. Pulogalamu ili ndi mwini wake, amene analipira makamera ndi anthu."

"Komatu anaitumiza okha m'nyumba mwathu, bambo. Sindinathyole chitseko cha munthu."

Anaseka pang'ono, koma osati kwambiri. Anandifotokozera mmene iwo anamvera. Kujambula kuti udzaonere nthawi ina pakhomo pako, palibe amene angakufunse. Kuonetsa ana pophunzitsa, masukulu enieni ali ndi njira zawo ndi zilolezo zawo, koma ifeyo sitinali sukulu yolembetsa, ndiye ngakhale iwo sankadziwa kuti tili mbali iti. Koma kuchulukitsa n'kumagawa, utachotsa mawu a eni ake n'kuikapo ako, pamenepo ndiye ayi. Choopsa kwambiri kwa a komiti chinali dzina lija. Aliyense woona disikiyo akanati ndi parishi imene ikubena mapulogalamu a anthu.

"Ine ndimathokoza, bambo."

"Ndawauza zimenezo. Amvetsa, koma ali ndi mantha. Masiku ano aliyense akuopa kalata ya loya. Akuti madisiki onse abwerere, apo ayi chipinda atseka."

Nkhani ya umwiniyo sinandivute kwenikweni. Ndinalukapo madoilo ine, ndikudziwa mmene zimawawira wina akatenga luso lako n'kumati ndi lake. Chimene chinandilemera ndi kukalanda chinthu chimene ndinapereka ndekha ndi manja awiri. Kwathu amachita zimenezo ndi mwana wamng'ono, kapena munthu amene mwadana naye. Mwana wanga anati angotumiza mameseji kuti aliyense abweretse. Ndinakana. Chinthu unapereka pamaso, ukachitengenso pamaso.

Ndiye ndinayamba kuyenda. Sitima mpaka m'tauni, kenako basi, mvula ili pamutu, bondo langa lamanzere likulira pa sitepe iliyonse. Mabasi a kuno ndi abwino, koma dalaivala sakudikira ngati wa minibasi, ndipo palibe kondakitala woti umuuze kuti unditsitse pa nyumba yofiira. Ndinapitirira malo kangapo.

Ku Rathmines kunali anyamata akwathu ophunzira digiri ya masitazi amene anatenga disiki kuti azisekera mawu anga. Nyumba zakale zija masitepe ake ngati ukukwera phiri la Dedza. Ndinapeza disikiyo akuikirapo kapu ya tiyi.

"Agogo mwasanduka apolisi?" anatero mmodzi.

"Apolisi amabwera pa galimoto, mwanawe. Ndipatse mpando kaye."

Kumeneko kunali kosavuta. Anandipatsa tiyi wopanda shuga wokwanira n'kundiperekeza pa basi. Kovuta kunali ku Santry, kwa mayi wa ana atatu uja. Ndinafika ana akuonera yomweyo, mawu anga akutuluka pa TV, kamtsikana kakang'ono kakutsogoza mawu ndisanawanene. Ndege zinkadutsa pamwamba pa fulatiyo, mawindo n'kumanjenjemera. Ndinakhala nthawi yaitali ndikufunsa za kumudzi, za mvula, za amayi ake, kuopa kufika pa nkhani. Nditanena chimene ndinadzera, mayiyo anandifunsa.

"Ndiye a komitiwo abwera kudzawaphunzitsa ana angawa?"

"Ayi, mwanangu."

"Inuyo mubwera?"

"Bondo ili mukuliona."

"Nanga amene akupita ku holo aja ndiye ana, angawa ayi?"

Mayiyo anadzuka. Anatulutsa disiki m'makina, n'kutenga enanso m'kabati, n'kuwaika m'pepala la buledi. Anagwada pondipatsa, mwaulemu ndithu, koma ulemu wake unali wozizira. Ndinamuuza kuti apongozi angathe kujambula mawu anga okha, opanda zithunzi, poti mawuwo ndi anga. Anati, "Mawu okha amva chiyani, agogo? Iwowa amafuna ng'ombe." Sanandiperekeze pa basi.

Ena ndinawapeza ku Misa, ena anabweretsa okha atamva kuti gogo akuzungulira. Imodzi inali itapita ku England ndi banja limene linasamuka kukasaka ntchito. Imeneyo ndinawauza bambo mfumu kuti ndilibe mapiko. Anakalankhula ndi mayi wa makiyi uja, iye anapumira m'mwamba n'kunena kuti chabwino. Si munthu woipa, amuna akenso anali atawachotsa ntchito ku zomangamanga. Pondilandira jumbo ya madisiki anandigwira paphewa n'kunena mawu ambirimbiri a Chingerezi, ine ndinangomvapo sole.

A komiti anatilola kupitiriza, koma ndi malamulo. Tizionetsa mu holo momwemo basi, kamodzi, ndipo tikatha apongozi azifufuta. Kunena zoona mpaka lero sindikudziwa ngati zimenezo ndi zimene boma linalemba kapena ndi zimene komiti inaona kuti igona nazo tulo. Sindinafunse. Ndinali nditatopa.

Loweruka lotsatira mayi wa makiyi uja anatsegula chitseko teni koloko, n'kutiyatsira hita. Kunabwera ana ochepa, a ku Balbriggan konkuno amene amayenda wapansi, ndi mdzukulu wanga. Ndinandanda mipando yonse monga kale, kenako ndinabwezera ina kukhoma. A ku Santry sanabwere tsiku limenelo, ndipo sanabwerenso. Pulogalamu ya sabata imeneyo inali yometa nkhosa. Ndinaphunzitsa nditakhala pansi, mwendo ndautambasulira pa mpando wina.