Batire Padenga la Chigafa

Phale lija likadalipo kwathu ku Nachisaka, lobenthuka mlomo, lakuda bii ndi mwaye. Kale amayi ankakazingiramo mtedza. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 7 linasiya ntchito imeneyo, linayamba kusunga mchenga ndi batire la foni.

Ndinali mtsikana wosakhazikika, wa manja oyabwa. Wailesi yakufa, tochi yakufa, zonse ndinkamasula, mpaka amayi ankati tsiku lina ndidzamasula mutu wanga womwe. Aphunzitsi a sayansi atandipatsa timababu ta m'tochi yothyoka, ndinapanga nyale m'chitini cha majarini. Chinkasowa ndi moto wake. Mwamwayi amalume, amene ankakonza mafoni ku Mponela, anabwera kudzatithandiza kusoka fodya. M'chikwama chawo munali batire la foni yakale, kasola konga buku, ndi kabolodi kotchajira kokhala ndi kagetsi kakang'ono, ndipo zonsezo anandipatsa.

Malamulo awo anali otopetsa, abale. Batire lizidya kudzera pa kabolodi basi, osalilumikiza ku sola mwachindunji. Kasola padzuwa, batire pamthunzi. Kagetsi kakafiira ndiye kuti likudya, kakasanduka kabuluu lakhuta, chotsa msanga. Osalisiya lokha likutchaja, osaliika pamphasa. Ine ndinkangoti eya, eya, mtima uli kale pa nyale. Kudikira kagetsi kaja kunkandiwawa kuposa kupalira.

Kuseri kwa nyumba kunali chigafa chofolera ndi udzu, ndipo m'menemo munali fodya, chaka chathu chonse. Fodya ameneyo amayi analima okha bambo atamwalira. Masamba anali atafiirira, fungo lake likulowa mpaka m'zofunda. Moto sunkayandikira kumeneko. Ngakhale amalume ankakasutira ndudu yawo kumsewu.

Kenako kunagwa mvumbi. Mapiri a ku Ntchisi anabisala m'nkhungu, kasola kanangokhala ngati mbale. Nyale yanga inayamba kuzirala, ndipo ine ndinasowetsa anthu mtendere: kutuluka, kuyang'ana kumwamba, kulowa, kung'ung'udza, kutulukanso. Amayi ankangondiyang'ana.

Kwathu aliyense ankadziwa mankhwala a batire lofooka. Mabatire a wailesi tinkawayanika padzuwa, ena ankachita kuwaluma, madzulo wailesi n'kuyankhulanso pang'ono. Choncho tsiku limene dzuwa linatuluka lolusa, ine ndili kusukulu, amalume ali kumunda, amayi anachotsa batire m'nyale. Analiika pa chidutswa cha lata n'kuchikweza padenga la chigafa, pamene nkhuku sizikanalisokoneza komanso dzuwa limamenya bwino. Malamulo aja amalume anauza ine ndekha, amayi ayi. Mpaka lero ndimawaimba mlandu amalumewo pa chimenecho.

Nditaweruka, amayi anandilozera padengapo akumwetulira, ati andikonzera nyale. Ndinakwera pa mtondo kuti ndione. Batire linali litatupa ngati mandasi, likutulutsa kafungo kotsekemera koma konyansa. Ndinakuwa. Amalume anatulukira akuthamanga, khasu lili m'manja. Sanaligwire. Anakokera lata lija pa khasu pang'onopang'ono, n'kukalitaya pabwalo popanda udzu. Litangogwa linalira kuti fyuu, utsi woyera tolotolo, kenako lawi la moto. Analikwirira ndi dothi.

"Achemwali, ili si la wailesi," anatero amalume akupuma mwawefuwefu. "Ili dzuwa limalikwiyitsa."

Amayi anayang'ana dothi lofuka lija, anayang'ana denga la chigafa, ndipo anapita kukakhala pakhonde. Ine ndinkalira batire langa, basi. Ndinkadziwa kuti za nyale zathera pomwepo, amayi aletsa.

Koma sanaletse. Amalume atabwerera ku Mponela anatumiza batire lina kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Amayi anatenga phale lawo la mtedza, anathiramo mchenga, n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi chigafa. Anandiuza kuti ndiwaphunzitse malamulo onse, ndipo anawabwereza mpaka anawasunga kuposa ine. Kuyambira pamenepo, batire likamatchaja, amayi amene sankadziwa kukhala pansi masana ankasiya ntchito zonse. Ankakhala pafupi ndi phale, maso ali pa kagetsi kofiira, mpaka kasanduke kabuluu.

Ine zinkandiseketsa. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti amayi anga akonda kagetsi ngati mwana, ndipo tinkaseka mpaka misozi. Sindinadzifunsepo chifukwa chake tsiku lililonse amayi ankakhala pakati pa phale ndi chigafa, khasu lili pamiyendo.